Mutu 6: Tsitsi Silimva Kuwawa

1. Dzina lopweteka

Kuseri kwa khutu lamanzere la mtsikanayu kunali kachigamba kosamera tsitsi, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo. Ali wakhanda anadzigwetsera ketulo ya madzi otentha, ndipo khungu la pamenepo linapsa mpaka mkati. Bala linapola, koma tsitsi silinamerenso.

Kunyumba palibe amene ankaiyesa nkhani. Kusukulu ndiye kunali mavuto. Tsiku lina mphepo inamuvula kampango ali pa mzere, ndipo mtsikana wina anakuwa kuti, "Taonani Kadazi!" Ana onse anafa nacho chiseko. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake lenileni ankalitchula ndi aphunzitsi okha.

Amene anayambitsa dzinalo anali mwana wa a landilodi, eni ake a mdadada wa mashopu momwe mayi ake a Kadazi anali ndi kachipinda ka saluni. Iyenso anali ndi dzina lopatsidwa ndi anzake: Mchira. Tsitsi lake linali lalitali, lakuda bii, ndipo ankalimanga kumbuyo kuti lizigwedera akamayenda. Iye dzinalo ankalikonda kwabasi.

Tisabise, mwana ameneyu anali ndi mwano. Ngakhale moni wake ankabwera ndi chipongwe. Kadazi sankamuyankha, ndipo anthu ankati ndi mwana wofatsa. Sankadziwa kuti mawu aliwonse ankawasunga kukhosi. Kadazi ankadana naye Mchira, chidani chenicheni chosowetsa tulo.

2. Mawu a amayi

Saluniyo inali kachipinda kamodzi: mipando iwiri, galasi lalikulu long'aluka pakona, sinki, dilaya yosokosa ngati chigayo ndi shelefu ya mabotolo. Kachipinda kameneka ndiko kankawadyetsa, kuwaveka ndi kumuphunzitsa Kadazi. A landilodi sanali munthu wopirira. Wokonza mawailesi amene anali pakona anamutulutsa chifukwa chongoyankhana nawo mokweza.

Loweruka lina m'mawa mayi ake a Kadazi anavula epuloni n'kuipachika pa msomali. Mng'ono wawo anali atabereka kuchipatala, ndipo ankapita kukamuona.

"Tamvera, mwana wanga," anatero. "Akabwera wofuna kuchapa kumutu, umuchape. Wofuna kuluka, umuluke. Koma chigubu icho cha mankhwala owongolera tsitsi usachitsekule ine kulibe. Wandimva?"

"Koma amayi, si ndimakuthandizani kupaka? Ndimatha."

"Kupaka aliyense akhoza kupaka. Ntchito ili pa kudziwa tsitsi lomwe ukupakalo. Tabwera kuno."

Anamugwira chala n'kumuonetsa chikhadabo chake.

"Ichi ndi tsitsi lako n'zopangidwa ndi chinthu chimodzi. Nyanga za ng'ombe chimodzimodzi, ziboda zake chimodzimodzi. Komwe ndinaphunzira ntchito kuja ankati dzina lake ndi keratini. N'chifukwa chake tsitsi likapsa limanunkha ngati nyanga yowotcha. Chinthu chimenechi n'cholimba chifukwa m'kati mwake muli timaulusi tomangana ndi timfundo tambirimbiri. Mankhwala awa amadula timfundoto, tsitsi n'kugonja, n'kuwongoka. Ndipo tikaduka, taduka. Palibe shampu kapena mafuta omwe angalibwezere monga linalili.

"Tsono ngati munthu anapakapo kale mankhwala oyeretsa tsitsi, aja osintha mtundu, tsitsi lake limakhala litafooka kale. Ukawonjeza awa limangosungunuka. Choopsa n'chakuti silikuuza. Tsitsi lilibe magazi, silimva kuwawa. Chamoyo ndi muzu wokha, womwe uli pansi pa khungu. Likhoza kumatha mwini wake ali phee pa mpando, akuseka nawe nthabwala.

"N'chifukwa chake timayamba tayesa. Umadula katsitsi pang'ono kuseri kwa khutu, n'kukapaka mankhwala, n'kudikira, n'kukatsuka, kenako n'kukakoka. Kakalimba, pitiriza. Kakatamuka ngati chingamu n'kuduka, tseka chigubu, umuuze munthuyo zoona ngakhale atukwane. Ndipo munthu akangoti kukuwotcha, usafunse kawiri, thamangira madzi. Khungu likapsa mpaka mkati, muzu umafa. Iwe zimenezo ukuzidziwa kuposa ine."

Dzanja la Kadazi linapita lokha kuseri kwa khutu. Mayi ake anatenga chikwama, koma atafika pakhomo anatembenukanso.

"Munthu akakhala pa mpando uwu amakupatsa mutu wake, iye osaona chomwe ukuchita kumbuyo. Tikangowononga mutu umodzi wokha, muno tituluka, ndipo palibe adzatikhulupirirenso. Ndiye tidzadya chiyani, ine ndi iwe?"

"Ndamva, amayi."

3. Kasitomala wopanda odi

Kadazi anavala epuloni ya mayi ake n'kuyamba kupukuta galasi. Anachapa mayi wina kumutu, naluka kamwana kena kolira ngati akukasenda. Dzuwa litakwera, chitseko chinakankhidwa popanda odi. Anali Mchira.

"Amayi ako ali kuti, Kadazi?"

"Achokapo. Abwera chakumadzulo."

Mchira anatsonya. "Madzulo ine ndilibe nthawi. Mawa ndi ukwati wa achimwene anga, ndipo wotsogolera operekeza ndine. Ndikufuna tsitsi ili liwongoke, lizigwa pamsana. Undipake iweyo."

"Amayi andiletsa."

"Akuletsa? M'nyumba ya adadi anga?" Mchira anamwazamwaza maso m'chipindamo, mphuno atakwinya. "Kapena ungonena kuti sutha. Zoonadi, munthu wolephera kumeretsa tsitsi pamutu pake angadziwe chiyani za tsitsi la anzake?"

"Pita kwina. Masaluni ndi ambiri."

"Kwina kwadzaza, ndachokako. Ndiye umve: ukandibweza, ndikawauza adadi kuti a m'chipinda chino amathamangitsa anthu. Ofuna malo ano alipo ambiri, ena aukhondo kuposa inu."

Kadazi anayang'ana chigubu chili pa shelefu, nayang'ananso Mchira.

"Khala pansi," anatero.

Anamufunditsa thawulo m'mapewa n'kumasula tsitsi lija. Atangolowetsa chipeso, zala zake zinamva zachilendo. Kunsonga tsitsilo linali lokhakhala ngati udzu wouma, ndipo atalitukula cha ku kuwala anaona kufiirira kobisala pansi pa kuda kuja.

"Unapakapo chiyani tsitsi ili?"

"Palibe."

"Sunaliyeretsepo? Sunadaye?"

"Ndati palibe! Wasanduka wapolisi? Langa ndi lachibadwa, si ngati chipululu chakocho."

Linali bodza lamkunkhuniza. Pa tchuthi Mchira analiyeretsa tsitsi lake kwa mnzake kuti likhale lofiirira. Bambo ake atakalipa, analidaya lakuda mwachangu n'kumayenda ngati palibe chachitika.

Kadazi anatenga sizasi n'kudula katsitsi kuseri kwa khutu.

"Iwe! Ukundidula? Nsanje yakukwana?"

"Ndikuyesa kaye. Timatero."

Anaika katsitsiko pa kapepala, natsekula chigubu chija, nakapaka mankhwala. Atadikira ndithu anakatsuka pa sinki, kenako anatuluka nako pakhonde kuti akaone bwino.

4. Pakhonde

Anakagwira mbali zonse ziwiri n'kukoka pang'onopang'ono. Katsitsiko kanatamuka, n'kutamukabe, kenako kanaduka popanda n'phokoso lomwe. Kumapeto kwake kunali kofewa ngati phala.

Kadazi anadziwa tanthauzo lake. Mtima wake unayamba kugunda kwambiri, koma sanali mantha ayi. Chinali chimwemwe, chimwemwe choipa. Anakulunga katsitsiko m'kapepala kaja n'kukaponya m'thumba la epuloni.

"Iwe mwana wa a saluni, tabwera."

Anali a Telala, bambo wachikulire wa shopu yoyandikana nawo, amene ankasokera pakhonde pomwepo. Anaimitsa makina n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Khoma ili ndi lamatabwa, zonse ndamva. Mwana uja pakamwa pake m'powola, sindikukana. Atakhala wanga bwenzi pano akupempha madzi. Koma nkhope yako sikundisangalatsa. Ine ndikapsa mtima sindigwira sizasi. Ndimakhala pansi, n'kumwa madzi, n'kumayang'ana magalimoto mumsewu mpaka mtima utsike. Chifukwa nsalu si yanga, ndipo ikadulidwa molakwika mwini wake safunsa kuti anakukwiyitsa ndani. Amangoona dzanja lomwe ladula.

"Amayi ako ndinawaona ine akulowa m'chipinda chimenecho ndi mpando umodzi ndi beseni, iwe uli kumsana. Akhala akuimirira zaka zonsezi mpaka miyendo kutupa, kuti iwe upite kusukulu utavala nsapato. Ngati ukuona kuti manja ako sali bwino lero, kamuuze mwanayo azipita. Atukwana, inde, koma mawu ake sakusupula khungu. Nkhani ikafika kwa bambo ake, ine ndikakhala mboni yako. Wamva, mwana wanga?"

Kadazi anazyolika. Mawuwo anamulowa ndithu, ndipo dzanja lake linayamba kupita kuthumba kuja. Pomwepo mawu anatuluka m'chipindamo, okweza kuti odutsa mumsewu amve.

"Kadazi! Ukudikira kuti tsitsi limere kunjako? Fulumira!"

Anyamata awiri amene ankadutsa anatembenuka n'kuseka. Dzanja la Kadazi linabwerera.

"Palibe vuto, bambo," anatero. "Zonse zili bwino."

A Telala anapukusa mutu. Makina awo anatenga nthawi kuti ayambenso kulira.

5. Pa mpando

"Zatheka?" anafunsa Mchira, maso ali pa foni.

"Zatheka. Tsitsi lako ndi lolimba."

"Ndimadziwa kale. Umangotaya nthawi yanga."

Kadazi anavala magolovesi n'kugawa tsitsilo ndi chipeso. Mayi ake ankayamba adzoza mafuta oteteza khungu m'mbali mwa mutu ndi kuseri kwa makutu. Iye botolo la mafutawo sanalikhudze n'komwe. Anatapa mankhwala oyera aja n'kupaka kuyambira kumizu mpaka kunsonga, mosanyinyirika. Fungo lake lotsamwitsa linadzaza chipinda.

Patapita kanthawi Mchira anayamba kusuntha pa mpando.

"Kukuyabwa."

"Amatero."

Kadazi anakhala pa mpando wina uja n'kupinda manja. Mchira anaika foni pansi.

"Iwe, kukuwotcha!"

"Pirira. Ukufuna liwongoke kapena ayi?"

Mchira analuma mlomo n'kugwira mpando mwamphamvu. Misozi inalengeza m'maso mwake, koma sanafune kulira pamaso pa Kadazi. Atayankhulanso, mawu ake anali otsika, ngati akuyankhula ndi galasi.

"Ulisamale, wamva? Adadi amati tsitsi ili ndi la amayi anga. Anamwalira ndili wamng'ono, sindikumbuka n'nkhope yomwe. Adadi akandiyang'ana kumutu ndi pomwe amamwetulira. Kupanda apo, kaya amandiona kaya sandiona." Kenako anadzidzimuka, natsonya. "Ndikukuuziranji iwe? Ungamve chiyani?"

Chimwemwe chija chinamuthawa Kadazi, m'malo mwake munalowa mantha. Analumpha pa mpando.

"Dzuka! Tiye ku sinki!"

"Bwanji kodi? Usandikoke!"

"Weramira, fulumira!"

Anatsekula mpopi mpaka kumapeto. Madzi anatsika ndi thovu loyera, ndipo pamodzi ndi thovulo panatsika tsitsi. Poyamba linali lochepa. Kenako linayamba kutsala m'magolovesi mwake, chipukutu ndi chipukutu. Akati aligwire bwino, lina n'kusomoka. Sinki inatsekeka, madzi akuda anayamba kukwera.

"Lawongoka?" anafunsa Mchira, maso ali chitsinzinire.

Kadazi anatseka mpopi.

"Ndikufunsa iwe! Lawongoka?"

Mchira anadzuka yekha n'kutembenukira ku galasi. Pamutu pake panatsala tizitsotso tafupitafupi, tonyowa, tosiyana kutalika. Kuseri kwa khutu khungu linali litasupuka, lofiira psuu.

Kukuwa kwake kunamveka mdadada wonse. Anatola botolo la shampu n'kumugenda nalo Kadazi, koma linamuphonya n'kukamenya khoma.

"Mfiti iwe! Wachita dala! Umafuna ndifanane nawe!"

"Unandinamiza! Ndinakufunsa ngati unadaya!"

"Tseka pakamwa! Adadi akuonetsani. Mutuluka muno lero lomwe, iwe ndi amayi ako!"

Anadzifunda thawulo kumutu n'kuthamangira kunja akulira mokweza. Anthu anatuluka m'mashopu mwawo. A Telala okha sanadzuke pa makina awo, anangovula magalasi n'kuwaika pansi.

6. Thumba la epuloni

Mayi ake a Kadazi atafika anapeza anthu ali unji pakhonde akunong'onezana. Anawapatukira njira osawapatsa moni. M'kati anapeza epuloni ili pa msomali, tsitsi lili tho mu sinki, mwana wawo atakhala pansi pakona. Anatseka chitseko.

"Mutu wa ndani uwu?"

"Wa mwana wa a landilodi."

Mayi ake anatsamira khoma. "Mayo ine. Si ndinakuletsa, iwe?"

"Anandikakamiza, amayi. Anati ndikakana akawauza bambo ake kuti atitulutse."

"Unamufunsa ngati anapakapo zina?"

"Ndinamufunsa. Anakana."

"Unayesa kaye?"

Kadazi anayang'ana pansi.

"Ndinaiwala, amayi."

Mayi ake anapuma mozama. Kenako anagwada n'kumukumbatira.

"Basi, usalire. Kuiwala aliyense amaiwala, ndipo mwana akaopsezedwa mutu umaima. Wolakwa ndine, ndinakusiya wekha ndi chigubu chimenechi. A landilodi akabwera iwe ukhale chete, ndiyankhula ndine. Ndiwagwadira. Mwana wawo ndipita naye ndekha kuchipatala, ndizimusamala mpaka tsitsi limere. Ndiwauza kuti mwana wanga sanadziwe, kuti mwana wanga alibe mtima woipa. Ndilumbira pamaso pawo. Akatitulutsa, atitulutse, koma palibe amene akutche mfiti ine ndili moyo."

Mawu amenewa anamupweteka Kadazi kuposa chikwapu.

Mayi ake anadzuka, napukuta maso, natenga epuloni pa msomali kuti achotse tsitsi mu sinki. Ataimanga m'chiuno anapisa dzanja m'thumba kufuna magolovesi. Anatulutsa kapepala kokulungidwa.

Anakafunyulula. Anaona katsitsi kodulidwa bwino ndi sizasi mbali imodzi, mbali inayo kotamuka n'kuduka. Anakanunkhiza. Anali atagwira ntchito ya saluni nthawi yaitali, panalibe chofunsanso.

Kunja kunaima galimoto. Chitseko chake chinamenyedwa mwamphamvu, ndipo manong'onong'o a pakhonde aja anatha zii.

"Ali kuti mayi wa saluni?" Anali mawu a a landilodi.

Mayi ake sanakuwe, sanamumenye. Anamuyang'ana Kadazi ngati akuona munthu wachilendo, misozi ikutsika osaipukuta. Kenako anamugwira dzanja, nalitambasula, naika kapepalako pachikhatho pake.

"Ndinali wokonzeka kutaya chipinda chino chifukwa cha kulakwitsa kwako," anatero motsitsa. "Koma sindilumbira bodza chifukwa cha nkhanza zako. Gwira. Uwauza ndiwe."

Chitseko chinagogodwa ndi chibakera. Mayi ake anapita kukatsekula. A landilodi anadzaza khomo lonse, kumbuyo kwawo kuli Mchira ndi thawulo lake, ndipo cha pambali panaima a Telala, magalasi ali m'manja.

"Ndani wamuchita chonchi mwana wanga?"

Mayi ake a Kadazi anangosunthira pambali, ndipo maso onse anagwera pa Kadazi ndi dzanja lake lofumbata.